Pansi pa Mtengo wa Zoona

Chipoka, Salima
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene Samueli,

Kaya mukukumbukira tsiku lija ndili Sitandade 3, aphunzitsi atandiimika padzuwa chifukwa cholephera samu? Inu munatuluka m'kalasi mwanu ngati mukupita kuchimbudzi, n'kudzaima pambali panga osanena kanthu mpaka belu linalira. Simunandifunse n'komwe ngati ndinalakwadi. Sabata yonseyi ndakhala ndikuliganizira tsikulo.

Kuno tili bwino. Mwera wavuta, usipa wasowa, ndipo amayi mwendo uja ukuwasautsabe. Galimoto ikaima pamsewu amatukula mutu, koma dzina lanu salitchula.

Sabata yatha ndinali pa maphunziro a chitetezo cha panyanja. Anabwera ndi a bungwe lina a ku Lilongwe, ndipo akomiti ya padoko anasankha asodzi ndi ife ogulitsa nsomba. Ndinavomera chifukwa cha mwana wanga Mphatso. Anatiphunzitsa kuvala majekete oyandamitsa, kuwerenga mphepo, ndi kutsitsimutsa munthu amene wavuulidwa m'madzi. Anali ndi chidole chachikulu choyeserera. Ine ndinachiuzira mpweya mkamwa, chifuwa chake n'kukwera, ndipo ndinatuluka panja ngati ndaitanidwa pafoni.

Lachisanu linali tsiku lotsekera. Mphunzitsi wathu Pauline, mtsikana wansangala, anati mayeso kulibe, tibwereza zonse mwa masewera. Tinaima bwalo n'kumaponyerana mpira wachikulunga, wowakha anene chimodzi chimene waphunzira. Bambo Mustapha, eni bwato lobiriwira lija, atawakha anati, "Ine ndaphunzira kuti mabanzi a bungwe ndi aang'ono!" Tinaseka, inenso ndinaseka.

Kenako Pauline anatitengera panja. Anati mtengo wa mango ndi wa Zoona, wa bwemba ndi wa Bodza. Iye akanena chiganizo n'kuimba wezulo, aliyense athamangire ku mtengo umene akugwirizana nawo. Tinathamanga ngati ana, zitenje zikumasuka. Ndiye anati: "Munthu womira m'madzi muzimuzondotsa ndi kumufinya pamimba kuti madzi atuluke."

Onse anathamangira ku bwemba. Ine miyendo inanditengera ku mango.

"Mayi Tionenji, mwatsata mango kodi?" anakuwa a Mustapha. "Akadali maluwa amenewo, bwerani kuno!"

Anthu anaseka, koma ndinaona Salma, mnzanga wa pathandala loyanikira nsomba, akuwatsina pamkono. Pauline nkhani yathu sankaidziwa. Anabwera akumwetulira n'kunena kuti, "Amayi, tatiuzeni, mwasankhiranji kuno?"

Ndinati, "Yankho ndikulidziwa, mwana wanga. Koma kuno kuli munthu amene waima yekha nthawi yaitali."

Achimwene, ndinkanena inu. Ndinu munadumphira m'madzi tsiku limene Mphatso anamira, ena akungokuwa pamchenga. Ndinu munamuvuula, n'kumufinya pamimba monga tinkaonera akuluakulu akuchitira chibadwire chathu. Ndikudziwanso kuti munamva zimene mlendo wina ananena pasiwa, zoti akanauziridwa mpweya mkamwa bwenzi ali moyo. Ndinakuonani mukudzuka. Titangometa munakwera basi ya ku Mzuzu, ndipo kuchokera pamenepo mumangotitumizira katundu, nkhope yanu ayi.

Pabwalo paja a Mustapha anavula chisoti, nayenda pang'onopang'ono kudzaima pafupi nane. Anati, "Wallahi, pali Mulungu, ine ndinalipo. Miyendo ya mwanayo ndinagwira ndine." Salma anabwera, enanso n'kutsatira, mpaka ku bwemba kunatsala anyamata okhaokha amene sankadziwa kanthu. Gogo wina wa ku Maganga anati, "Tonse tinkatero. Anatiuza ndani?"

Pauline anangogwira wezulo wake, misozi ili mbwe. Ndinaona kuti akuopa kulankhula, koma anthu sakanapita kwawo ndi yankho lolakwika. Choncho ndinanena ndekha mokweza kuti ndi bodza, munthu timamugoneka chagada, kumuuzira mpweya ndi kumudinikiza pachifuwa. Mawuwo anandibaya ngati munga wa chambo, koma ndinawamaliza. Setifiketi anandipatsa, ili m'sutikesi. Sindinaionetse amayi.

Sindikunamizani kuti mtima wanga unapola. Ndikamva ana akusewera kumadzi ndimasiya chimene ndagwira. Koma mwana ndinataya mmodzi, achimwene, ndipo sindikumvetsa chifukwa chake ndiyenera kulira anthu awiri.

Dzulo alamu a Thandiwe anandiimbira. Akuti Loweruka pa 24 mukupita ku Lilongwe kukatenga katundu wa kuntchito, ndipo mwavomera kutsika pa Khombedza, bola kukhale kumene nyanja sioneka. Ndavomera. Ndikafika m'mawa ndi minibasi yoyamba, ndikakhala pa siteji. Andiuzanso kuti nsomba munasiya kudya, ndiye ndikutengerani mpunga ndi chinangwa. Za Mphatso tikakamba mukafuna. Mukapanda kufuna, tikangomwa tiyi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi sindinawauze, ndikuopa kuti angayambe kusesa m'chipinda chanu. Mukandiona musavutike kufuna dzina lina londiitanira. Lomwe lija likadali langa.

Ndine mlongo wanu,
Amake Mphatso