Tabuleti ya Elise Yatiulula

Wokondedwa mng'ono wanga Odile,

Muli bwanji konko ku Cheticamp? Miyendo ya amayi yasiya kutupa? Ife tilipo, ngakhale kuno ku Thompson chisanu chikukanabe kuchoka. Ntchito yochapa zovala kuchipatala ndaizolowera, mwana wanga Elise nayenso wapeza anzake kusukulu.

Usadabwe ndi kalata yapapepala. Masiku ano foni ndikuiopa ngati njoka.

Pothawa nkhanza za mwamuna wanga Rejean ndinasintha zonse: nambala ya foni, banki, ngakhale tsitsi. Ndinaiwala tabuleti ya mwana. Loweruka Elise analirira makatuni, ine ndi kutopa kwanga n'kumulumikizira pa intaneti ya m'nyumba muno, osakumbuka kuti akaunti ya makanemayo ndi ya bambo ake. Mawa lake tinapeza dzina la Elise pa akauntiyo lasinthidwa, palembedwa kuti adadi akubwera.

Eni nyumba, Mayi Kowalchuk, anagwirapo ntchito kukampani ya matelefoni. Akuti chipangizo chilichonse chikalowa pa intaneti chimayenda ndi nambala, ngati keyala, kuti kanema amene wapemphayo adziwe kofikira. Mwini akaunti amaiona nambalayo pamodzi ndi dera lake. Anandilimbitsa mtima kuti nambala siloza khomo, imangotchula tauni. Ndinawauza kuti Rejean sakumudziwa. Munthu wolondola mapazi a gwape m'nkhalango tsiku lathunthu, katauni aka kangamusokoneze? Masukulu ake n'ngowerengeka.

Tabuletiyo ndaithimitsa, koma madzi akatayika saoleka. Apolisi akuti ndiwaimbire ndikamuona. Ndikamuona! Ndikuopa, Odile, galimoto iliyonse ikaima panja ndimasuzumira pazenera.

Pempho langa ndi limodzi. Nyengo ya nkhanu yayamba, ndipo ukudziwa kuti msodzi ngati Rejean sasiya misampha yake m'madzi popanda chifukwa. Upite kudoko m'mawa ngati ukukagula nsomba, ukaone boti lake. Ukalipeza lili chomangirira anzake onse ali panyanja, uimbe foni yam'nyumba ya Mayi Kowalchuk nthawi yomweyo. Usafunse munthu, ndipo amayi usawauze, mtima wawo uja suchedwa.

Undiperekere moni kwa amayi, kwa amalume, kwa alamu anga ndi ana ako onse. Elise akuti moni azakhali. Uthenga ujatu anayamba kuuwerenga ndi iyeyo. Chiwerengereni akungovina, ndipo madzulo aliwonse akumaika mbale zitatu patebulo.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Jocelyne