Mzinga Umene Sunaombe

Bolungarvík,
9 Okutobala 1973

Mwana wanga Hallur,

Uli bwanji ku Reykjavík kumeneko? Chifuwa chija chinaleka? Kuno tilipo, kupatula bondo langali lomwe limalosera mphepo kuposa wailesi. Amayi ako ali bwino, koma sakundilankhula. Khofi akungondiikira patebulo ngati akupatsa galu.

Malembo opotokawa usawaseke. Sukulu sindinaipondeko, zilembo ndinaziphunzira m'buku la nyimbo za kutchalitchi, koma sindinapemphepo munthu kundilembera kalata. Nanga iwe wophunzirawe, makalata awiri a amayi ako osayankha? Liuma limeneli unalitenga kwa ndani?

Nkhani yako inafika kuno nyuzipepala isanafike. Akuti sitima yanu yolondera nyanja inapeza Angerezi akukoka khoka m'madzi athu. Mutawachenjeza, anayamba kukugendani ndi mbatata zoola, nkumafuna kukugundani m'nthiti. Kaputeni analamula kuti uombe chipolopolo chenicheni kumphuno kwa chombo chawo. Iwe utaona anthu asanu ataima pomwepo, unachotsa dzanja pamzinga. Chombo chinathawa ndi nsomba zathu, iwe nkuchotsedwa ntchito.

Kudoko kunali phwete. Sveinbjörn, mkulu uja amasanza ngakhale bwato lili pamtunda, anandifunsa ngati ndinalera mwamuna kapena mtsikana wokama ng'ombe. Anati asonkherana akugulire singano zolukira. Ine magazi atawira ndinayankha kuti ndilibe mwana wamwamuna. Ndikudziwa kuti mawuwo anakupeza, pakuti pano mphekesera imathamanga kuposa basi.

Angerezi ndikudana nawo mpaka lero, usandimve molakwa. Ndi akuba. Atha nsomba kwawo, tsopano akusesa zathu.

Koma tamvera, poti wandikakamiza.

Ukuidziwa mbiri yanga ija, yoti mu 1934 bwato litagubuduzika ndinasambira ndekha mpaka kumtunda. Zaka zonsezi anthu akhala akundipatsa fodya wamphuno kuti ndiibwereze. Ndi bodza. Munthu sasambira m'madzi amenewo, amauma ngati nsomba yapathandala asanathe kunena pemphero la Atate Wathu.

Anandivuula ndi Angerezi. Ankaba nsomba pafupi ndi gombe, khoka lodzaza lili m'madzi. Atandiona nditakangamira mtanda wa bwato, anadula zingwe za khoka lawo kuti chombo chitembenuke msanga. Nsomba zonsezo anazitaya chifukwa cha ine. Mmodzi wandevu zofiira anandivula zonyowa, nkundiveka juzi yake ikadali yofunda, uku akunditukwana m'chinenero chawo. Nanenso ndinamutukwana m'chathu. Ananditsitsa kuseri kwa phiri, poopa kugwidwa, ndipo ndinalowa m'mudzi ndikuyenda wapansi.

Ndikanati chiyani? Kuti Ketill Bárðarson wapulumutsidwa ndi mbala? Ndinasankha kusambira.

Iwe unabadwa chaka chotsatira. Werengera wekha, si ndiwe unapita kusukulu.

Sabata yatha ndinaganiza zoululira amayi ako. Sanasiye ndi kuluka komwe. Anati mwamuna wosambira safika pakhomo atavala juzi youma yolukidwa mwachilendo, ndipo chitsiru chokha nchimene chingaganize kuti mkazi woluka sangazindikire ulusi wa eni. Anati juziyo anaimasula nyengo yachisanu yomweyo, nkulukira tizovala tako toyamba. Zaka makumi anayi, Hallur, mayiyu akundimvera ndikunama pamaso pa alendo, nkumandithirira khofi!

Sindikunena kuti unachita bwino kusamvera kaputeni. Pachombo mawu amakhala a munthu mmodzi. Koma lamulo loti munthu sumupereka kwa nyanja ndi lakale kuposa kaputeni wako, ndipo ine ndinalidyera. Mwa asanu ajawo mwina munali mwana wa wandevu zofiira uja.

Tsono bwera kwanu. Basi ya Lachisanu ikwere. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ndidzaima pakhomo nkunena zonsezi Sveinbjörn akumva, koma ndidzanena kamodzi kokha, ndipo sindidzanena iwe palibe. Kupepesa papepala sindingathe, dzanja likukana.

Amayi ako aika kachipewa kako kaukhanda m'phukusi la kalatayi. Nkotuwa, mbewa zinakalawako. Akuti ukayang'ane bwino ulusi wake.

Upereke moni kwa mkazi wako Ásdís ndi adzukulu anga. Uwauze kuti agogo awo sadziwa kusambira. Mulungu akusunge pamtunda ndi panyanja.

Ndine bambo ako, ufune usafune,
Ketill