Akuti Adadi Angochedwa

Achemwali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija layamba kukumverani, kapena mukadali kunamizira nyengo? Ife kuno tilipo, mpweya ukulowa ndi kutuluka.

Ndabwerera kuntchito. Anzanga anandigulira maluwa, ndipo anafotera pambali pa makina okopera mapepala ndisanawapezere botolo. Paipi ya m'bafa ikudonthabe. Mwininyumba akuti nkhani zotere amakambirana ndi abambo a pakhomo, ndiye ndamusiya awadikire.

Koma mlandu wanga lero uli ndi Chingerezi. Ndinachigwadira zaka zonse zija ku yunivesite, inu mukundisokera madiresi, ndipo chandithokoza ndi kaliwu kamodzi kachipongwe: late.

Lachiwiri ndinapita kusukulu kukatenga Nyerere. Aphunzitsi ake, mayi wachifundo ndithu, anandigwira dzanja n'kumandipepesa za amuna anga, amene anawatchula kuti late. Mwana anali pomwepo, makutu ali tcheru ngati a mayi ake aakulu. Liwulo amalidziwa, si amalimva pageti m'mawa uliwonse? Panjira ankadumphadumpha, akuti bwanji sindinamuuze kuti adadi angochedwa.

Chiyambire tsikulo akumaika mbale yachitatu patebulo. Masilipasi a bambo ake wawatulutsa kunsi kwa bedi n'kuwaika pakhomo. Akamva mapazi pamasitepe amasiya kutafuna.

Ndinatsegula dikishonale kuti ndidziwe kwawo kwa liwuli. Akuti kalekale linkanena munthu waulesi, woyenda mokoka miyendo, ndipo last, womalizira uja, ndi mwana wake. Kenako analipatsanso omwalira, kutanthauza amene tinali nawo posachedwapa. Abale ake ndi tardy wa ana asukulu, deceased wa maloya, ndi departed, wonyamuka uja, ngati kuti munthu ndi basi ya padepoti. Taonani nkhanza zake: ife timati munthu watsogola, iwo akuti wachedwa. Alamu anu aja, amene anafika paukwati wawo womwe abusa atayamba kuyasamula, afulumira kamodzi kokha m'moyo wawo, ndiye Chingerezi chikuwamana ngakhale ulemu umenewo.

Ndikulemba moseka, koma dzulo Nyerere anandifunsa ngati ndidzawakalipire akabwera, monga ndinkachitira. Anandichonderera kuti ulendo uno ndidzawakhululukire. Ndinavomera, kenako ndinakatsegula mpopi wa m'bafa kuti asandimve.

Paja ndinu munati pobwera ndi maliro ndimusiye kwa anansi, ndiponso ndisamuuze msanga chifukwa akadali wamng'ono. Amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma anuwa agonera mpaka asasa. Sindikukuimbani mlandu. Inenso ndinawalandira ndi manja awiri, poti anandipeputsira katundu.

Pempho langa ndi limodzi. Pamene ababa anatisiya ndinali msinkhu wa Nyerere, ndipo amene munandiuza ndinu. Ndikukumbuka kuti munandikhazika pansi pakati pa miyendo yanu mukundiluka tsitsi. Ndikukumbuka chipeso chikukoka, ndi madzi ena ofunda akundidonthera pakhosi. Koma mawu amene munanena anandithawa, ndipo mabuku onse adzaza m'nyumba muno alibe ngakhale limodzi. Chonde ndilembereni monga munawanenera, musawakongoletse. Nyerere ndimamuluka Loweruka.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume, ndi kwa ana anga onse kumeneko. Apongozi muwauze kuti jekete la mwana wawo ndawasungira, sindinalichape.

Mbale yachitatu ija ndiziisiya patebulo mpaka yankho lanu lifike. Musachedwe, achemwali. Liwu limenelo ndatopa nalo.

Ndine mng'ono wanu,
uja munamutcha Dikishonale