Nyundo ya atate ndi ya Taonga

Kanyama, Lusaka

Dyton mng'ono wanga,

Ndamva kuti ufuna kugulitsa nyundo ya atate kwa anyamata ogula zitsulo zakutha, ati pabanja pathu palibenso wosula. Wakunamiza ndani? Ndakwiya nawe, ndipo ba Magdalene, anansi anga amene akundilembera, ndawauza kuti asafewetse mawu anga.

Komabe, muli bwanji ku Katete? Mwendo uja unapola? Ife kuno tili bwino ndithu. Chidzadzire mapulasitiki akunja m'misika, zidebe zanga zamalata sizikuyenda, koma mbaula ndikugulitsabe. Pulasitiki ndi makala sizimvana.

Tsono imva za mwana wanga wamkazi Taonga, amene umati sukulu idzamuwononga. Kumene akugwira ntchito amasungunula mkuwa m'mankhwala, n'kutuluka tizidutswa tating'ono koposa ufa wosefa, toti diso silingaone kamodzikamodzi. Ndi dongo lootcha amachitanso zofanana. Akatero amathira m'pulasitiki yosungunuka kuti ilimbe, isamang'aluke msanga. Akuti akuyesabe, sizinafike pamsika.

Lamlungu anandibweretsera m'kabotolo kuti ndione. Ndinamuuza kuti akundiseka, ameneyu ndi tiyi wopanda mkaka. Nditafuna kuviikamo chala anandimenya padzanja, ati iwo amavala zam'manja ndi zotseka mphuno. Ine, amene manja anga ndi zipsera za moto zokhazokha! Ndinamuuza kuti basi, pulasitiki yabwera kudzagwada kwa chitsulo. Anaseka nandiuza kuti, batata, sizili choncho kwenikweni, koma ine ndinamva zimene ndinamva.

Atate ankasandutsa chitsulo kukhala khasu, ine kukhala chidebe, uyu akuchisandutsa fumbi. Ngati kumeneko si kusula, undiuze dzina lake. Udzanena kuti mkazi salowa m'chipala chosulira zitsulo. Ana ako aamuna aja analowamo liti? Taonga yekha ndiye anandifunsa kuti nyundo ya ambuye ake inali yolemera bwanji, ndipo ndinachita manyazi kumuyankha ndi pakamwa.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, kwa atsibweni ndi kwa adzukulu onse.

Webster, mwana wa mlongo wathu, akubwera kuno ndi lole ya chimanga mwezi ukatha. Ukulunge nyundoyo m'saka, umupatse m'manja iwe mwini. Mpini usachotse, ndi umene atate anasema. Ogula zitsulowo akabwera, uwagulitse njinga yako yakufa ija.

Ndine mkulu wako,
Moven