Bambo a Mwai Abwera

Nsabwe, Thyolo
14 Meyi 2024

Okondedwa achemwali anga a Lizzie,

Khalani pansi kaye musanawerenge: bambo a Mwai abwera! Abwera amoyo, akuyenda okha, angowonda basi.

Paja ndinakuuzani pa foni kuti lole yawo ya tiyi inagwidwa tsidya la malire pamodzi ndi za anzawo, popita kudoko. Zomwe sindinakuuzeni n'zakuti ine ndinatsala pang'ono kupenga. Pa wayilesi mneneri wa boma ankangoti, "Nkhaniyi sitingaiulule pakadali pano, ingasokoneze ubale wa mayiko awiriwa." Ubale! Ine mwamuna wanga sindikudziwa ngati akudya, iwo akukamba za ubale.

Ndinakwera minibasi mpaka kuboma, ndikukalipa kale m'njira. Kumeneko mayi wina wogwira ntchito mu ofesi, a Vailet, ananditengera panja pansi pa mtengo. Anati, "Mayi, anawagwirira chiyani, akukambirana zotani, sindingakuuzeni. Tikabwebweta pa wayilesi, anzathu a tsidya lija achita manyazi n'kuumitsa mitima. Koma amuna anu ndi amoyo. Izi zokha tengani."

Ndinawafunsa kuti, "Akanakhala anu, mukanakhutira ndi zimenezo?"

Anati, "Ayi." Sanandinamize, ndiye ndinawakhulupirira.

Sabata yotsatira mtolankhani, a Winston, anandilondola mpaka kumunda ndi kamera. Munthu wabwino ndithu, nayenso anali atafunsa kuboma n'kukanizidwa. Mawu anali atafika pakhosi, achemwali, koma ndinangoti, "Pepani achimwene, ndili ndi dengu loti ndidzaze." Atachoka ndinalira pakati pa mizere ya tiyi.

Ndiye Lachinayi, tikuthyola mbali ya kumtunda kwa fakitale, a kapitawo anakuwa: "Mervis, taona uko!" Munthu akutsika msewu wafumbi, malaya akumukulira, koma kayendedwe kokoka mwendo kaja. Dengu ndinaponya, masamba mbwee! Amayi onse anasiya ntchito, nthungululu esiteti yonse, ena akuimba za kutchalitchi, ena za Chilomwe. A kapitawo nawonso anavina, inu, ndi mimba yawo ija.

Ndawafunsa amuna angawo, a Zakeyu, kuti chinachitika n'chiyani. Amangoseka: "Akuluakulu atipempha tisunge pakamwa, poti madalaivala ena akudutsabe njira yomweyo." Pena zimandiwawa kuti chomwe tinavutikira sitidzachidziwa, ndipo a Winston akamati anthu ayenera kuuzidwa sindiwatsutsa. Koma lero sindikutha kukwiya, ndayesa.

Pa Sabata tikayamika kutchalitchi. Ngati abwana anu angakuloleni, bwerani, ndipo mutitengereko lamba, mathalauza onse akuwagwa.

Mwai akupereka moni, wakana kupita kusukulu kuopa kuti abambo ake achokanso. Mupereke moni kwa alamu ndi ana. A Zakeyu akanalemba okha mzere umodzi, koma agona pamkeka pansi pa mpeyala, ndipo ine kalatayi ndailemba modukizadukiza, chifukwa ndikumadzuka kukasuzumira ngati alipodi.

Ndine mng'ono wanu,
Mervis