Ndinayang'ana Nsapato Zanga pa Asembule

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Nangongwe tilipo. Mng'ono wanga Tisa anabereka mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu, ndipo kulira kwake n'kwa munthu wosafuna kunamizidwa. Kamunda kanu ka m'mbali mwa njanji sikanabereke bwino, feteleza masiku ano sagwirika. Amuna anga, bambo a Mapalo, anawachotsa ntchito ku fakitale ya nsalu pamodzi ndi anzawo ambiri. Akuti salaula, zovala zakale zochokera kunja, ndiye wapha fakitale, koma ifenso tikuvala salaula yemweyo. Ndiye pakhomo wantchito ndatsala ine ndi choko changa.

Koma chimene chandisowetsa mtendere n'china.

M'kalasi langa la Giredi 6 muli Mutinta, mtsikana wa ku Chanyanya, mudzi wa asodzi. Amabwera pa njinga ya amalume ake, amene amabweretsa nsomba kumsika. Anzake ankamutcha Kapenta, dzina la tinsomba touma, iye akamadutsa iwo n'kumatseka mphuno. Tsiku lina ndinawakhazika pansi onse, n'kuwauza mawu anu aja, akuti woseka mnzake ndi woonerera amadyera mbale imodzi. Ndinati kulimba mtima si kumenya ayi, koma kukaima pafupi ndi amene akusekedwa. Ana anamva, ena mpaka kugwetsa nkhope. Ndinabwerera kunyumba ndikudzitama mumtima.

Lachitatu njinga ija inaphulika tayala, Mutinta n'kufika asembule itayamba kale. Ba Deputi, achiwiri kwa ahedi, anamuimika kutsogolo n'kunena kuti, "Uyu ngakhale achedwe sasowa, timamumva fungo akali kumtsinje." Sukulu yonse inaseka, ndi aphunzitsi ena omwe.

Pamenepo Chilufya, mtsikana wofatsa wa m'kalasi langa, anatuluka pamzere n'kukaima pambali pa Mutinta. Anati, "Ba Deputi, si bwino zimenezo. Ba Madamu anatiphunzitsa."

Kenako anandiyang'ana. Amayi, ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Ba Deputi ndiwo amalemba malipoti athu, akafuna atha kukusamutsira kutali. M'maso mwanga munabwera bambo a Mapalo atakhala pakhonde tsiku lonse, manja ali pamaondo. Sindinasunthe pamzere.

Atsikana onse awiri anapatsidwa chilango chotchetcha udzu kuseri kwa zimbudzi. Pa buleki ndinabwereka chikwakwa n'kukatchetcha nawo. Mutinta anasuntha pang'ono kundipatsa malo, koma Chilufya sanadzutse mutu mpaka belu linalira.

Tsopano sindikudziwa, Amayi. Kutchetcha kuja kunali kuima nawo, kapena kubisa manyazi anga m'udzu? Kodi ndinalakwa kuphunzitsa ana chinthu chimene ine mwini chikundikanika? Inu munkatsutsa ngakhale kapitawo wa pamsika anthu onse akuona. Koma ndinunso munkati pakamwa pothamanga pamagonetsa ana ndi njala. Mawu anu awiriwa akukangana m'mutu mwanga, ndipo onse akulankhula ngati inu. Ndimvere ati?

Lolemba ndikagogoda ku ofesi ya ba Deputi. Chimene ndikanene sindinachipeze. Koma ndikulonjezani kuti ndikalowa, ndipo chitseko ndikachisiya chotsegula kuti atsikana aja amve.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati