Galimoto Yofiira ya Patarau Romano

Lolemba, 3 Setemburu 1956, ku Tete

Ndayiona. Yofiira ngati phwetekere, yopanda denga, mipando iwiri basi. Mimba yake pang'onong'ono kukhudza pansi. Thumba la mbatata ungaliike pati? Akuti si ya katundu, ndi ya liwiro.

Mwini wake ndi Patarau Romano, bwana wanga wachipwitikizi, a kantina ya ku Ulongwe, amene ndimawayendetsera lole. Phazi lawatupa, n'chifukwa chake atuma ine kudzaitenga. Mawu awo ponditsazika: "Zeferino, utotowo ukakalika ngakhale pang'ono, ukam'peza Basiliyo."

Basiliyo ndiye ankagwira ntchitoyi ine ndisanabwere. Anaswa nyali ya lole, ntchito inatha. Wopanda ntchito asipayi, apolisi a boma, sachedwa naye. Lero ali ku chibalo, akudula nzimbe kumunsi kwa Zambezi.

Patarau anaseka. Inenso ndinaseka, mano okha.

Lachiwiri, 4

Kuwoloka Zambezi pa batelau, chibwato choolotsa magalimoto. Anthu, njinga, mbuzi za nyanga zosongoka. Ine pakati pa mbuzi ndi galimoto, manja tambalale. Tonde wandigunda pabondo. Ndathokoza Mulungu, bondo lilibe utoto.

Lamba ndavula, chitsulo chake chingakande chitseko. Buluku ndamanga ndi luzi. Woyendetsa galimoto yokongola kuposa zonse m'Angoniya ndi ameneyu, wa luzi m'chiuno.

Lachitatu, 5

Msewu miyala yokhayokha. Akuti galimotoyi imasiya mphepo m'mbuyo. Ine wandipitirira ndi bambo wa panjinga, nkhumba ili pakaliyala. Anacheuka n'kufunsa: "Tikukankheni, achimwene?"

Lole ikamabwera ndimaima, kutsika, kufunditsa galimoto gombeza langa kuopa timiyala. Gombeza lasanduka lake. Ine chisanu ndithana nacho ndekha.

Chakudya: nthochi, ndipo ndadyera kutali nayo.

Lachisanu, 7

Dzulo sindinalembe. Moto wa lupsa mbali zonse za msewu, kupitirira Zobwe. Ndinabwerera chafutambuyo mpaka khosi linauma.

Koma tatuluka. Utoto uli gwa, ndadziyang'anirapo nkhope. Yakuda bii ndi utsi, koma ya munthu wodziwa ntchito yake. Ndanyada, ndisaname.

Mphepo ya kwathu yayamba kumveka. Mawa ndipatuka pang'ono, ndidzere kumudzi kwa Vitoriya, mkazi wanga, kumene ndili pa chikamwini. Alamu anga amati ntchito yanga n'kunyamula matumba. Aone.

Loweruka, 8

Ndiyambire pati?

Kanjira kolowera kumudzi, kopapatiza, khonje uku ndi uku. Ine pang'onopang'ono, chigongono pachitseko ngati mzungu. Kutsogolo mayi wosenza nkhuni akubwera. Kayendedwe kaja ndimakadziwa. Apongozi.

Chikwatirireni sindinayang'anepo nawo maso. Ndikawaona panjira ndimapatukira kuthengo, nkhope kumbali, mpaka adutse. Lero ndinalibe denga lobisalamo. Manja anangochita zimene miyendo inazolowera. Ndinapatuka, ndi galimoto yomwe. Nkhope kumbali, mwaulemu wonse, uku minga ya khonje ikulira kweee, kuyambira kunyali mpaka kumbuyo.

Chopondera choimitsira chinalipo. Ndinachikumbukira nditaima kale.

Zambezi, mbuzi, miyala, moto, zonse ndinazigonjetsa. Wandigwetsa ndi ulemu.

Kumudzi sindinalowenso. Mizere yoyera mbali yonse, ngati pamene nkhuku zapalasa.

Lamulungu, 9

Ndayesa malovu. Ndayesa mafuta a nsatsi. Ndayesa katondo wonyowa, poti nayenso ndi wofiira. Atauma, galimoto inaoneka ngati khoma lozira.

Patarau anaizungulira ndi ndodo yawo, akutsimphina. Sanakalipe, ndipo ndi zimene zandiopsa. Anafunsa chinachitika n'chiyani. Za apongozi ndikanazifotokoza bwanji m'Chipwitikizi changa cha kumishoni? Ndinangoti: "Minga, senyoro."

Anatambasula dzanja. Ndinaikamo mfungulo, ya yofiira ndi ya lole yomwe.

Mantha. Nzimbe sindinadulepo.

Lachinayi, 13

Asipayi anafika dzulo. Tinyamuka Loweruka.

Vitoriya akukazinga chimanga cha paulendo, misozi ili chuchuchu. Sindingathe kumuyang'ana nthawi yaitali. Ndamusiyira jekete, akasinthe ndi mchere zikavuta.

Masiku onsewa ndakhala ndikudzitonthoza ndi chinthu chimodzi. Ntchito yapita, inde, koma apongozi adzionera okha. M'dziko lino ndani wina anawapatukira ndi galimoto? Lero ndalimba mtima, ndafunsa Vitoriya kuti amayi akuti chiyani za ine.

Anapukuta maso ndi nsalu. "Za inu? Palibe. Akuti anakumana ndi mzungu woledzera, fumbi mbuu kumaso, walowa m'khonje ndi galimoto yake. Chiyambire Loweruka akungoseka. Sindinawauze."

Ndamuuza kuti asawauze.